Holo yanga yakanema m'dzenje la malasha

Ndiyambe ndi kuulula tchimo, poti amene ndinawalakwira ayenera kuti anatsogola kale. Ndili mwana ku Ndirande ndinaonera mafilimu zaka zinayi zathunthu osalipira ngakhale tambala. Kuseri kwa msika kunali vidiyo sho ya bambo wina wa ndevu zambiri, chisakasa cha matabwa ndi ziguduli, ndipo pakhoma lakumbuyo panali kabowo kamene ine ndi anzanga awiri tinkasinthana. Commando wa Arnold Schwarzenegger ndinamuonera kasanu ndi diso lamanja lokha. TVM kunalibe, paja inadzayamba mu 1999, ndiye kabowo kameneko ndiko kanali wailesi yakanema ya banja lathu. Ine ndinkaona, madzulo n'kukafotokozera ena pamkeka, n'kumawonjezera chiwerengero cha akufa kuti nkhani ikome.

Cholipiritsa chinali chithunzi chokha, mawu anali aulere. Mwini wake anapachika chisipika pamtengo panja kuti mfuti zikamalira dera lonse lizimva, ana azikaba ndalama za kuchigayo. Ndikanakhala wanzeru ndikanatolapo kanthu pa khalidwe la mawu. Koma ine changa ndinachitola tsiku limene bamboyo anatitulukira, n'kuuzira tsabola wopera pakabowo nthawi yanga itangokwana. Ndikutsuka diso pampopi, ndinalumbira kuti ndikadzakula ndidzakhala ndi holo yakanema yangayanga, ndizidzaonera ndi maso onse awiri, miyendo ili patebulo.

Patha zaka zoposa 30. Masiku ano ndili ku Leeds, ku Mangalande, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo chaka chatha tinagula nyumba. Ndikati tinagula ndiye kuti banki inagula, ife tikuisungira kwa zaka 25. Ndi nyumba za njerwa zofiira zija za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, zolumikizana mzere wonse ngati mabogi a sitima ya ku Nayuchi, khoma limodzi mabanja awiri. Tsiku lokaona nyumbayo, mayi a ana ali kalikiliki kuyeza khitchini ndi maso, ine ndinatsegula kachitseko kena n'kupeza masitepe amiyala otsikira mumdima. Kunsi kwa nyumba kunali chipinda. Eni dziko amati cellar. Mayi a ana atasuzumira anangoti, "Selo? Dzinali analitcha bwino."

Zipinda zimenezi ankazikumba kuti azisungiramo malasha. Wogulitsa ankangokhuthula thumba pabowo la m'mbali mwa msewu, malasha n'kumagwera okha pansi. Utsi utapha anthu zikwizikwi ku London mu 1952, boma linakhazikitsa lamulo loteteza mpweya mu 1956, anthu n'kuyamba kusiya malasha pang'onopang'ono, zipindazo n'kutsala za akangaude ndi amuna a maloto ngati ine. Ndinayeza: mamita 4.3 m'litali, 3.5 m'lifupi, ndipo ndikaimirira mowongoka denga limandipesa tsitsi. Ine ndinaona holo. Mayi a ana anaona poyanika zovala nthawi yozizira.

Mdani woyamba anali chinyezi. Ndinakhoma nsalu yoyera ya pabedi kuti ikhale sikirini, ndipo patangotha masabata awiri inachita nkhungu madonthomadontho, moti aliyense woonekera pamenepo ankakhala ngati akudwala chikuku. Khoma la pansi pa nthaka limatuluka thukuta. Tinaitana mmisiri, anakuta makoma ndi pulasitiki yolimba ya timatuza imene imalondolera madzi pansi, pamwamba pake n'kuika mabolodi, ndipo ndalama ya tchuthi chathu cha ku Malawi inathera m'khoma momwemo. Anandiuzanso kuti ndigule makina oyamwa chinyezi kuti chisamapitirire 60 peresenti, apo ayi zipangizo zanga zidzachita dzimbiri. Makinawo ali ndi kandowa kamene kamadzaza tsiku ndi tsiku. Kwathu anthu amatunga madzi kunja kubwera nawo m'nyumba. Ine ndinakwera ndege mtunda wonsewu kuti ndizitunga madzi m'nyumba kukataya kunja.

Zipangizo ndinagula zakale pa Facebook, chimodzichimodzi, ndipo ndinkalowa nazo m'nyumba mayi a ana ali kuntchito. Pulojekita, ampu, masipika asanu ndi chibokosi chakuda cha besi. Dongosolo limeneli amalitcha 5.1: awiri kutsogolo, imodzi pakati ya olankhula, awiri cham'mbuyo, ndiye kamodzi ka pambuyo pa dontho kaja ndiye sabuwufa. Anzathu olemera ali pa Dolby Atmos, imene inayamba mu 2012, yokhala ndi masipika ena kudenga. Langa dengali likanati likhale ndi sipika, bwenzi ndikuivala ngati chipewa.

Chibokosicho ndicho chinandiulula, chifukwa sichibisika kuseri kwa jekete.

"Bambo a ana, ichi n'chiyani?"

"Sabuwufa."

"Ufa wa mapaundi angati?"

Ndinatchula theka la mtengo wake.

"Ufa wa ndalama zonsezo, koma wosaphikika nsima?"

Usiku woyamba ndinaika First Blood ya 1982, Rambo uja, kuti ndibwezere chipongwe cha tsabola. Chithunzi chinali cha mtima bii, nkhope ya akita kukula ngati chitseko. Koma mawu, abale! Sylvester Stallone amalankhula kale ngati munthu wovumata mbatata yotentha, ndiye m'chipinda changa ankamveka ngati alipo atatu, onse akukangana mumgolo. Ndinaimitsa filimu n'kuwomba m'manja kamodzi. Makoma anandiwombera kangapo ngati ndalowa pabwalo la amfumu. Khoma lolimba ndi miyala ya pansi sizimeza mawu, zimangowabweza, ndipo makoma awiri akayang'anizana mawu amanjanja pakati pawo ngati mpira mpaka kutopa okha.

Ndinaimbira alamu anga a ku Bradford, amene kale ankaimba nyimbo m'maukwati ku Lilongwe ndipo mpaka lero amadziwa chilichonse.

"Alamu, musataye ndalama," anatero. "Mathireyi a mazira basi. Situdiyo zonse kwathu zimatero."

Ndinatenga pensulo. Thireyi ya mazira 30 ndi pafupifupi masentimita 30 mbali zonse, ndiye khoma lalitali limodzi lokha linkafuna mathireyi 90. Amenewo ndi mazira 2,700. Tinayamba ndi mtima wonse: okazinga m'mawa, owiritsa masana, a tomato madzulo. Sabata yachitatu mwana wathu wamng'ono anandifunsa ngati talemera kapena tasauka. Otsalawo ndinakapempha kwa bambo wina wogulitsa chakudya cham'mawa pafupi ndi siteji ya basi, amene anandipatsa uku akundiyang'ana ndi chisoni. Ndinamata masiku atatu. Ndinaika filimu. A Stallone anali atatu ndithu, kungoti tsopano ankakanganira m'khola la nkhuku, chifukwa makatoni aja atamwa chinyezi anayamba kununkha. Mmisiri uja atabwera kudzatenga ndalama zake zotsala anandiuza kuti ndakuta chipinda chonse ndi zoyatsira moto, pafupi ndi mawaya, m'chipinda cha khomo limodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, n'kudya mazira.

Ndikukanganula mathireyi aja ndi mpeni ndi pamene ndinamvetsa kuti pali ntchito ziwiri zimene ine ndi alamu tinkaziyesa imodzi. Yoyamba ndi yoweta mawu m'chipinda momwemo kuti asamanjanje, ndipo imafuna zinthu zofewa, zochindikala, zolowa mpweya. Yachiwiri ndi yowatsekera kuti asapite kwa eni ake. Imeneyo imafuna kulemera, khoma lachiwiri losakhudzana ndi loyamba, ndi kumata mng'alu uliwonse, chifukwa mawu ali ngati madzi, pamene padutsa mpweya nawo amadutsa. Ndipo njodula. Ukawirikiza kawiri kulemera kwa khoma, phokoso limangotsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Thireyi ya mazira, mwachisoni, si yofewa komanso si yolemera.

Za kabati ndinene mwachidule, chifukwa zimandichititsa manyazi. Kamphako kamene kankasungira malasha ndinakakhomera mashelefu, ampu ndi anzake onse n'kulowa m'menemo, mawaya obisika bwinobwino, chitseko chopaka utoto wakuda. Zinkaoneka za pamwamba. Ndinakhala pampando n'kudina rimoti, zii. Rimoti imatumiza uthenga ndi kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo kuwala sikubowola thabwa. Choncho pofuna kukweza mawu ndinkadzuka, kutsegula kabati, kubwerera pampando, kudina, kudzukanso kukatseka. Kenako, Rambo atangonyamula chimfuti chake kuti asese tauni, zonse zinangoti thii. Ampu ikatenthedwa imadzizimitsa yokha kuti isapse, ndipo ine ndinali nditaitsekera ngati mkate mu uvuni. Ndinabowola chitseko chokongola chija pansi polowera mpweya wozizira, pamwamba potulukira wotentha, n'kuikapo kafani ka kompyuta. Tsopano kafani kakulira, pulojekita ili ndi fani yakeyake, makina a chinyezi nawo akung'ung'udza. Filimu ikafika pamalo a chete, mumamva chigayo chakutali.

Koma zonsezi zinali zocheza. Mlandu weniweni unali wa sabuwufa.

Mpando wanga ndinauika pakatikati penipeni pa chipinda, nditachita kuyeza ndi tepi, monga iyenera kukhalira mfumu. Ndinaika filimu ya mabomba. Bomba linaphulika pasikirini, moto mpaka kudenga, koma m'makutu mwanga linangomveka ngati munthu watseka chitseko cha minibasi. Ndinapotokola kabatani kufika theka. Chimodzimodzi. Ndinafikitsa kumapeto. Ndinayamba kutukwana mumtima munthu amene anandigulitsa, kuti wandidyera ndalama. Ndili mkati motukwana, chitseko cha pamasitepe chinatseguka, mayi a ana ali ndi chitenje m'chifuwa.

"Bambo a ana, mbale zikuyenda zokha mukabati. Mukufuna mutigwetsere nyumba ya banki?"

"Koma kuno sizikumveka."

Anandiyang'ana ngati mmene ndimawayang'anira okalamba anga akamandiuza kuti akudikira basi yopita kusukulu.

M'mawa ndinapeza kakalata pakhomo. Oyandikana nafe ndi agogo aakazi a zaka za m'ma 80, amene amamva movutikira moti moni timachita kukuwa. Sanakalipe, azungu a kuno sakalipa, amangolemba mwaulemu mpaka iwe kufuna kudzimangirira. Ankafunsa ngati nafenso tinamva chivomezi cha usiku. Ndinapita kukapepesa ndi paketi ya mabisiketi. Anandiuza kuti phokoso sanalimve, koma mano awo oikirira ankagwedera okha mutambula pambali pa bedi, ndipo anatsala pang'ono kuitana ansembe. Pobwerera ndinakawerenga malamulo. Lamulo la phokoso la 1996 limati usiku umayamba 11 koloko mpaka 7 koloko m'mawa, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yolipiritsa chindapusa, ngakhale kulanda zipangizo. Ndinaganizira sabuwufa wanga ali m'galimoto ya khonsolo ngati mbuzi yogwidwa m'munda wa eni.

Wondimasulira anali mwana wanga wamkulu, wa zaka 15, amene Chichewa chake chimayenda ndi ndodo koma sayansi amaimwa ngati thobwa. Anatsika ndi kope, n'kundikhazika pansi ine bambo ake. Mawu, anatero, amayenda mamita 343 pa sekondi. Besi yozama, ya 40 Hz, funde lake limodzi ndi lotalika mamita 8.6. Chipinda changa ndi mamita 4.3, theka lenileni. Ndiye funde likamenya khoma n'kubwerera, limakumana ndi linzake likubwera. Kumakoma awiriwo amathandizana, mkokomo n'kukula. Pakatikati amafafanizana, n'kutsala chabe.

"Adadi," anamaliza, "m'nyumba yonse ino, ndi ya agogo yomwe, mwakhala pamalo okhawo pamene palibe besi."

Ndinadzuka n'kukaima pakhoma. Chiwindi chinagwedezeka. Besi yonse imene ndinalipira inali ili pamenepo, ikulowa m'njerwa ulendo wa kwa aneba. Ndinakumbukira chisipika cha pamtengo ku Ndirande. Ndinali nditasanduka bambo wa ndevu uja, wogawira dera lonse mawu aulere, kungosiyana kuti iye ankatolera ndalama pakhomo.

Mpando tinausunthira cham'mbuyo pang'ono, kabatani n'kubwezera kumene kanachokera. Kenako mnyamata anabwera ndi njira ziwiri zimene odziwa amagwiritsadi ntchito, ndipo ndikukupemphani muzikhulupirire, chifukwa amene anandiona ndikuzichita sanakhulupirire. Pofuna kudziwa malo abwino a sabuwufa, umamunyamula n'kumukhazika pampando wako, n'kuika nyimbo ya besi yokhayokha, iwe n'kumakwawa m'mbali mwa makoma khutu lili pafupi ndi pansi. Pamene besi yamveka bwino, pamenepo ndiye pake. Pofuna kudziwa poika zomeza mawu, iwe umakhala pampando, wina n'kumayendetsa kalilole pakhoma. Paliponse pamene waona sipika m'kalilole, mawu amanjanja pomwepo asanakupeze.

Tinasankha Loweruka masana. Sindinadziwe kuti ndi Loweruka la mapemphero a amayi kunyumba kwathu, ndiponso kuti mayi a ana anawalonjeza kuwaonetsa selo imene yadya tchuthi. Tayerekezani zimene amayi asanu ndi mmodzi anaona atatsika masitepe. Mdima. Mkokomo wosadziwika kochokera. Chibokosi chakuda chitakhala pampando wa ulemu. Bambo wa nyumba, wa imvi zake, akukwawa chogwada patsogolo pa chibokosicho, khutu lili pansi. Pakona mwana ataimirira ndi kalilole m'manja, kudikira nthawi yake, ngati wothandizira sing'anga wogwira mfiti.

Mayi wina anagwetsa Baibulo. Wina anayamba kudzudzula mizimu mokweza.

"Amayi, pepani," ndinatero ndili chigwadire, "ndikungofunafuna besi."

Sizinathandize. Lamlungu lotsatira abusa anandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa masiku onse, n'kundiuza kuti khomo lawo n'lotsegula.

Zomeza mawu zenizeni ndinapanga ndekha. Pali ubweya wina wopangidwa ndi miyala yosungunula, umene amanga nyumba amaika m'makoma poteteza kuzizira. Umadula zidutswa zochindikala masentimita 10, kuziika m'mafulemu a matabwa, n'kukuta ndi nsalu yoti ukaiuzira mpweya udutse. Papaketi analemba kuti uvale magolovesi ndi malaya a manja aatali. Ine, mwana wa ku Ndirande, ndinagwira ntchitoyo nditavala vesiti. Amene munagwapo m'chitedze mukudziwa zimene ndinaona. Masiku awiri ndinkadzikanda m'basi, anthu n'kumandisiyira mpando wonse. Nsalu yokutira ndinabwereka zitenje zinayi m'sutikesi ya mayi a ana, ndipo mlandu umenewo sunathe, unangoimitsidwa. Koma kunena zoona zinagwira. A Stallone awiri anachoka, n'kutsala mmodzi, womveka mawu aliwonse, ngakhale kuti zimene ankanena sizinali zambiri.

Besi yokha ndiyo inakana kuwetedwa. Mafunde aatali aja sameza ndi kanthu kopyapyala, amafuna milu yochindikala m'makona, kuchokera pansi mpaka kudenga. Ndinawerengera mtengo wake, ndinayang'ana kalata ya banki, ndinatseka kope.

Ndiye tsiku lina ndikuchokera ku shifiti ya usiku ndinapeza holo yanga yalandidwa. Mayi a ana ndi anzawo aja anali akusonkhanitsa katundu wotumiza kumudzi pakontena, ndipo anagwirizana kuti malo abwino osungira ndi kwa bambo wofunafuna besi. Zikwama zikuluzikulu za mizeremizere zija, zodzaza mabulangete, majuzi, majekete ndi madiresi a ana, anaziunjika m'makona onse anayi mpaka kudenga. Pambali pa sabuwufa anatsamiritsa matumba awiri a ufa weniweni, kuti, mwa mawu awo, adziwane ndi m'bale wake. Ndinakwiya. Ndinakonza mawu oti ndikalankhule monga mutu wa banja, koma poti anali asanadzuke, ndinati ndiyambe ndaonera kanthu mtima utsike.

Bomba loyamba litaphulika ndinaimirira. Linagunda pachifuwa n'kutha pomwepo, losakoka mchira, losang'ung'udza. Sindinamvepo mawu okoma chotero, ngakhale m'maholo olipira a m'tauni. Mnyamata atatsika anayang'ana zikwamazo n'kuseka mpaka kukhala pansi. Zimene ndinalephera kugula, amayi ake anaziunjika mwaulere, m'malo ake enieni, osayeza, osakwawa, opanda kalilole. Mawu a mutu wa banja aja ndinawameza.

Mbiri inawanda. Loweruka lina tinaonetsa The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya 2012, anthu n'kumalozerana nyanja pasikirini ngati aona wachibale. Kuyambira pamenepo chipinda sichinakhalenso changa. Masana ana ndi makatuni awo. Madzulo amayi aja, omwe aja odzudzula mizimu, ndi mafilimu a ku Nigeria a magawo osatha. Alamu anga amabwera za mpira, ndipo amauza aliyense kuti nzeru zonsezi anandipatsa ndi iwo. Tsiku lina ndinafika mochedwa n'kupeza mpando wanga muli mayi wa Baibulo uja, pansi ponse anthu, pamasitepe ana. Ndinaima pamwamba n'kutsegula chitseko pang'ono kuti kuwala kusawasokoneze. Patapita mphindi zingapo ndinazindikira kuti ndikuonera pamng'alu, ndi diso lamanja lokha.

Sabata yatha kontena inanyamuka. Anabwera anyamata awiri ndi vani, n'kutulutsa zikwama zonse, ine ndikuwathandiza ndi mtima wosweka. Pofika Khirisimasi wina kumudzi adzakhala akufunda besi yanga. Makona ali mbee, mkokomo wabwerera, ndipo dzulo agogo aja anandiimitsa pageti n'kundifunsa mwaulemu ngati nyengo ya zivomezi yayambiranso.

Ndiye abale anga a ku Leeds, Bradford, Manchester ndi madera ozungulira, amene muli ndi katundu wodikira kontena, bwerani naye kwathu, ndikusungirani ulere. Ndikufuna mabulangete, majuzi, makatani ndi zovala za ana. Mapoto, njinga ndi mafiriji ayi, zimenezo zimanjanjitsa mawu. Ndipo wotumiza katundu wanuyo mumuuze kuti asafulumire.